Tsiku Limene Mawu a Amayi Anadulidwa Pakati

Ine ndimasoka zovala pa Kamwendo, pakhonde la golosale ina yoyang'ana kumsewu waukulu wopita kumalire a Zambia. Koma kwathu kwenikweni ndi kumudzi, cha ku Chiosya, kumene makolo anga amalima chimanga ndi mtedza mpaka lero. Pakati pa mudzi wathu ndi msewu pali kamtsinje kachinyengo. M'chilimwe mwana amakalumpha osanyowa ndi chidendene chomwe, koma mvula ikagwa kumtunda kamasanduka chilombo. Kanatilandapo njinga ndi mbuzi, ndipo chaka china kanatsala pang'ono kutenga mwana wa sukulu. Ndiye boma litatimangira mlatho wa simenti pamenepo, panalibe amene sanakondwe.

Pabanja pathu pali amuna awiri amene sagwirizana pa nkhani za dziko. Bambo anga amakonda boma. Sindikunena chipani chakutichakuti ayi, ndikunena boma lililonse limene lilipo. Amati wolamula ndi kholo, ndipo kholo silitsutsidwa pagulu. Wailesi yawo siichoka pa siteshoni imodzi, moti kachitsulo kosinthira kaja kanachita dzimbiri. Amuna anga, amene amagulitsa zipangizo za njinga zokapikula ku Chipata, ali tsidya linalo: amadana ndi boma lililonse limene lilipo. Boma likasintha, awiriwa amangosinthana malo ngati ovina chimtali, osakumana. Komabe amapatsana ulemu wonse wa mkamwini ndi mpongozi. Mkangano wawo umayamba ndi "pepani bambo" n'kudzatha ndi "zikomo bambo."

Amayi anga zonsezo alibe nazo ntchito. Iwo akaona chinthu amangochinena momwe chilili, kaya kwa wansembe kaya kwa mdzukulu, kenaka n'kupitiriza zimene amachita.

Tsiku lotsegulira mlatho ine ndinalipo, chifukwa ndi ine ndinasokera azimayi ovina mabulauzi awo ndipo ndinkafuna kuona ngati akuwakhala. Inali nyengo ya mvula. Dzulo lake anthu anali atathira timiyala pakamtunda kochepa kofikira pamlatho, pamene bwana wamkulu wochokera ku Lilongwe ankayenera kudzaima. Kupitirira pamenepo, mbali zonse ziwiri, anali matope ofika m'mawondo monga mwa masiku onse. Bwanayo anafika, anadula riboni, azimayi analulutira, ng'oma zinalira. Zinali bwino ndithu.

Amayi sanabwerere mwambowo. Ankachokera kumunda, dengu la nkhwani pamutu, khasu paphewa, ndipo njira yawo inali yomweyo. Mtsikana wina mtolankhani, wovala nsapato zoyera zimene zinali zitasanduka kale zofiira, anawaimitsa pakati pa mlatho n'kuwalozetsa chimkuzamawu kukamwa. Kumbuyo kwake kunali mnyamata wa kamera, ndipo anthu ena ambirimbiri anatukula mafoni awo.

"Mayi, tatiuzeni, mwaulandira bwanji mlathowu?"

Amayi anatula dengu, anakonza duku, n'kuyankha mosathamanga. "Mlathowu tathokoza kwambiri. Ana athu sadzakokolokanso ndi madzi, ndipo odwala tiziwaolotsa bwinobwino. Amene atimangira Mulungu awadalitse. Koma msewu wofikira pano ndi phala lenileni. Mtedza wathu ukuolera m'nyumba chifukwa galimoto sizifika, fetereza amabwera chimanga chitamasula kale. Pamenepo pokha tikuvutika ngati ana amasiye, ngati tilibe otiyang'anira."

Atatero anasenza dengu lawo n'kumapita. Madzulo ake tinadya nkhwani zija zotendera, ndipo nkhani ya mtolankhani sinatchulidwe n'komwe.

Mawa lake ndili pamakina anga, mwini golosale anandikuwira ali m'kati. "Atelala, thamangani! Amayi anu ali pa kanema!" Ndinalowa ulusi uli kukamwa. Analidi iwo, duku lawo lobiriwira lija, khasu likuonekera paphewa. Wowerenga nkhani anati anthu a m'dera lathu ayamikira boma chifukwa cha chitukuko chosaneneka. Kenaka amayi anayankhula: kuthokoza kuja, ana osakokoloka aja, Mulungu awadalitse. Pomwepo chithunzi chinasintha n'kuonetsa azimayi ovina. Koma ine, amene ndinakula ndikuyang'ana pakamwa pamenepo, ndinaona milomo itayamba kale kuzungulira kuti itulutse "koma" uja. Anawadula mawuwo ali pakhomo.

Wailesi ya bambo nayo inaulutsa chidutswa chomwecho, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinamva kuti bambo anazungulira mudzi wonse wailesi ili m'khwapa, akuima pakhomo lililonse kudikira kuti nkhani zibwerezedwe.

Sipanathe masiku, amuna anga anabwera pakhonde panga akumwetulira ngati atola chikwama. Anandipatsa foni. Pa tsamba lina la mchezo, la anyamata odziwika ndi kudzudzula boma, panali amayi omwewo, duku lomwelo. Pamwamba analemba ndi zilembo zofiira kuti mayi wolimba mtima wa ku Mchinji walavula moto pamaso pa bwana. Kanemayo inayambira pa "msewu ndi phala lenileni" n'kukathera pa "ngati tilibe otiyang'anira." Anaikamo kanyimbo kachisoni ngati ka pamaliro, ndipo kumapeto anaonetsa mlatho wogumuka. Mlathowo sunali wathu. Kumbuyo kwake kunali mitengo ya migwalangwa ndi phiri limene sindinalionepo chibadwire.

"Ndinkadziwa ine," anatero amuna anga. "Apongozi anga ndi munthu woona patali."

"Koma amuna anga, munalipo paja? Anayamba ndi kuthokoza."

"Kumeneko kunali kupereka moni chabe. Nkhani yeniyeni ndi iyi."

Pansi pa makanema awiriwo, pakuti ya kuthokoza ija nayo inaikidwa pa masamba a mchezo, anthu analemba ndemanga zosawerengeka. Ena ankati amayi ndi mayi wa fuko, ena ankati agulidwa ndi chitenje, ena ankati atumidwa ndi otsutsa. Ndemanga ziwiri zinandidabwitsa. Mayi wina wodzitcha wa ku Ludzi analemba kuti amawadziwa bwino amayi anga, amapemphera nawo limodzi, ndipo akhala okonda boma kuyambira utsikana wawo. Pa tsamba linalo, bambo wina wodzitcha mphunzitsi wopuma analemba kuti amayi anga ndi msuweni wake, ndipo analira usiku wonse chifukwa cha nkhanza za boma. Onse awiri analakwitsa kalembedwe ka liwu loti mlatho mofanana, ankalemba "mulato."

Kalembedwe kameneko ndinkakadziwa. Pafupi ndi khonde langa pali malo ometera, ndipo mwini wake, bambo wa ana anayi wokonda nthabwala, ndi amene amalemba "kumeta mutali ndi mufupi" pachikwangwani chake. Ndinamupeza akupukuta makina ake, mafoni atatu ali pachaja.

"Achimwene, mayi wa ku Ludzi uja ndi inu?"

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Mwandigwira, achemwali. Ndi mphunzitsi wopuma uja ndi ine ndemwe."

Anandifotokozera mosabisa. Panali munthu wina wa mbali ya boma amene ankamutumizira mayunitsi kuti azilemba zotamanda, ndi wina wa mbali yotsutsa amene ankamutumizira bandulo kuti azilemba zonyoza. Foni yachitatu inali yake yeniyeni, yoimbira akazi ake. Anati masana makasitomala akachepa, amakhala pansi n'kumadzitukwana yekha, foni iyi kuyankha foni iyo.

"Nanga inuyo mumakhulupirira ziti?" ndinamufunsa.

"Ine ndimakhulupirira kuti tsitsi limamera, achemwali. Zinazi ndi ganyu."

Lamulungu lotsatira tinakwera njinga yamoto, ine ndi amuna anga, kupita kumudzi. Tinaoloka pamlatho bwinobwino, kenaka tinatsika n'kuikankha njingayo m'matope mpaka kufika kunyumba. Bambo anali pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi yawo. Amayi anakhala chapatali pamphasa, chammbali, monga amachitira mpongozi mkamwini akafika, akuswa mtedza. Atatha malonje, amuna anga anatulutsa foni mwaulemu ndi manja awiri.

"Pepani bambo, sindikudziwa ngati mwaona zimene amayi anayankhula."

"Ndamva ndi makutu angawa, kangapo konse. Anathokoza boma."

"Pepani bambo, anadandaula."

Bambo anaonera kanemayo atayandikitsa foni pamphuno. Itatha anati zimenezo n'zopanga, masiku ano ana amatha kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Amuna anga anati wailesi ndi imene imachotsa mawu m'kamwa mwa munthu. Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira, aliyense akuti "amayi ali mbali yathu," koma osawafunsa eni ake amene anali pomwepo. Pomaliza bambo anatembenuka.

"Amayi a ana, tatiuzani nokha. Munati chiyani pamlatho paja?"

Amayi anapeta mtedza, anauzira makoko, n'kunena osakweza mutu. "Ine ndinayankhula kamodzi, ndili ndekha, dengu lili pansi. Tsono azimayi awiriwa atuluka kuti? Mukawapeza muwauze abwere adzandithandize kupalira."

Tinaseka tonse, ngakhale bambo, amene anayesa kubisa kuseka kwawo m'kapu.

Sabata yotsatira zinthu zinasintha pang'ono. Kanema ya kudandaula ija inasowa pa tsamba lija. Ukaitsegula pankangobwera mawu oti zimene mukufunazi palibe. Kenaka tsamba lonselo linangoti zii. Ena ankati eni ake anaitanidwa kukafunsidwa mafunso, ena ankati boma linapempha eni masamba a mchezo kuti alitseke, ena ankati anyamatawo anangokangana okhaokha. Palibe amene ankadziwa zenizeni, koma mantha anafika pa Kamwendo msanga kuposa minibasi. Pa gulu lathu la pa foni la azimayi a pamsika, mayi wogulitsa kaunjika amene amaliyang'anira anafufuta kanemayo n'kulengeza kuti kuyambira tsopano pagulupo pazikambidwa za maliro, zikwati ndi mitengo ya tomato basi. Panazungulira uthenga wa mawu wa munthu wosadziwika, wonena kuti boma limamva chilichonse chimene chayankhulidwa pafupi ndi foni. Mnzanga wina wogulitsa mandasi anayamba kukulunga foni yake m'chitenje n'kuiika m'ndowa ya ufa akafuna kunena miseche. Kanema ya kuthokoza ija yokha inapitiriza kuoneka, tsiku ndi tsiku, mpaka ana anailoweza.

Ndinada nkhawa, ndisaname. Ndinatseka makina Lachinayi n'kupita kumudzi kukakhala nawo masiku angapo. Nditangofika kumene, kunatulukira malume anga, mchimwene wawo wa amayi, amene anakwatira tsidya la Zambia ndipo akhala kumeneko zaka zambiri. Anabwera pa njinga, nkhuku itamangidwa pakaliyala, nkhope ili yachisoni. Atawaona amayi akuanika ufa pabwalo, anatsala pang'ono kugwa.

"Alongo! Akutulutsani liti? Kwathu bakamba ati munagwiliwa, muli mu selo ku Lilongwe!"

Nkhaniyo inali itaoloka malire n'kunenepa m'njira. Malume anabwera kudzatipepesa ngati ana amasiye, ndipo nkhukuyo inali ya chipepeso. Amayi anati popeza yafika kale, isabwerere. Tikuisosola, malume anatisimbira za kwawo. Anati chaka china, pa tsiku la chisankho, masamba onse a mchezo anangozima dziko lonse, osatumiza uthenga osalandira. Koma anthu a m'malire ali ndi mwayi wawo: foni imagwira netiweki ya mayiko awiri. Iwo ndi anzawo anakwera pachulu china chachikulu choyang'ana kuno, anaika makadi a ku Malawi m'mafoni, n'kumacheza ndi dziko lonse bwinobwino.

"Chulu chinadzala monga msika," anatero malume. "Mayi wina anabwela na vitumbuwa, anagulitsa vonse. Manje imwe mukazimitsiwa kuno, bwelani chabe, chulu chili na mbali ziwili."

Mawa lake cha kummawa kunabwera galimoto yoyera, imene inavutika kwambiri kuti ifike. Munatuluka amuna awiri ovala bwino. Sanatchule kumene achokera, ndipo ife sitinafunse, koma anali aulemu kwambiri. Anagwada popereka moni, anatula paketi ya shuga ndi chitenje chatsopano. Wamkuluyo anati amva chisoni kuti anthu oipa anapotoza mawu a mayi wolemekezeka, ndipo abwera kuti amayi ayankhulenso pa kamera, dziko lidziwe zoona.

Bambo anavala jekete. Amayi anawapatsa alendowo mtedza wophika m'mbale, n'kunena kuti palibe vuto, kunena zoona sikutopetsa.

Anawakhazika pampando pansi pa mango. Wamng'onoyo anatukula kamera. Amayi anayamba bwino lomwe: mlathowu tathokoza, ana sadzakokolokanso, Mulungu awadalitse. Wamkulu uja ankagwedeza mutu mokondwa. Kenaka, "Koma msewu wofikira pano..."

"Pepani mayi, taimani kaye. Pamenepo pakwana. Tiyambirenso, mukafika pa madalitso paja mungomwetulira."

Anayambiranso. Anafika pa madalitso, anamwetulira monga anauzidwa, ndipo akumwetulira chomwecho anati, "Koma msewu..."

Anabwereza kangapo. Nthawi ina amayi anayesetsadi, ndinawaona akumeza mate, koma liwulo linatuluka lokha ngati chikhosomo. Pomaliza amayi ananena mawu awo onse mpaka kumapeto, kenaka anawauza alendowo mokoma mtima kuti, "Ana anga, inu muli ndi lumo lanu kuofesi, mukadula nokha monga munachitira poyamba. Ine pakamwa panga palibe lumo."

Wamng'ono uja analephera kudzigwira, anaseka mpaka kamera inagwedera. Wamkuluyo anapukusa mutu, naye akumwetulira, anatenga mtedza wina wodzaza dzanja n'kutsanzika. Sanapite patali. Tisanalowe n'komwe m'nyumba tinamva injini ikulira ngati ng'ombe yokodwa. Galimoto inali itatitimira mpaka m'mimba pa dambo la kuseri kwa sukulu. Mudzi wonse unapita kukakankha: bambo ndi jekete lawo, malume, azimayi ochokera kumjigo. Wamkulu uja anavula nsapato, anapinda buluku, n'kukankha nafe limodzi. Matayala atapota anamuwaza matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Galimoto itatuluka anaima kaye akupuma mwawefuwefu, n'kuyang'ana amayi amene anaima pamtunda manja ali m'chiuno.

"Mayi," anatero, "ndamva."

Chimene sitinadziwe n'chakuti nthawi yonse ija pansi pa mango, malume anali atatsamira nkhokwe akujambula ndi foni yawo. Anajambula mawu onse athunthu, kuthokoza ndi kudandaula komwe, mpaka nkhuku zodutsa kumbuyo. Anatitumizira tonse apabanja. Amuna anga anaonera, bambo anaonera, ndipo kwa nthawi yoyamba onse awiri anangoti "mmm" osawonjezera kanthu.

Ine ndinaganiza kuti kanema yathunthuyi iyenda kuposa zidutswa zija. Nditabwerera pa Kamwendo ndinakaipereka kwa wometa uja kuti aiponye pa masamba ake onse. Anaionera mpaka kumapeto, akukanda chibwano ndi chipeso.

"Ndiponya chifukwa ndi inu, achemwali. Koma siiyenda."

"Chifukwa chiyani? Iyi ndiye yoona."

"N'chifukwa chake. Palibe amene aikwiyire. Komanso ndi yaitali, ikudya bandulo."

Sananame. Anaionera anthu ochepa, ambiri a iwo achibale athu a tsidya lino ndi tsidya lija. Mmodzi analemba ndemanga yofunsa ngati nkhuku yakuda yodutsa kumbuyoyo ikugulitsidwa.

Za alendo aja sitinamvenso, ndipo palibe amene anawavutitsa amayi. Mvula itatha kunabwera chigalimoto chopala msewu, chinapala kuyambira pamlatho mpaka pasukulu n'kubwerera. Kaya anachitumiza ndi bambo wa matope uja, kaya chinali kale pa ndondomeko, sitidziwa. Dzinja lotsatira theka la msewuwo linabwerera mwakale, koma theka linalo lilipobe, ndipo galimoto zogula mtedza tsopano zimafika pasukulu.

Amayi anatchuka kwa kanthawi. Akabwera pa tsiku la msika ndi thumba la mtedza, anthu ankawazungulira. Okonda boma ankagula kwa mayi woyamika uja, otsutsa ankagula kwa mayi wolavula moto uja, ndipo onse ankapimiridwa ndi mbale imodzimodzi. Dzuwa lisanafike pamutu thumba linkakhala litatha, iwo n'kubwera pakhonde panga kudzakhala pa benchi, kumwa thobwa ndi kuyang'anira ntchito yanga. Tsiku lina mtsikana wa sukulu ya sekondale anaima patsogolo pawo, foni ili m'manja, akuchita manyazi.

"Agogo, ndingajambulitse nanu?"

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuona siketi yake ya yunifolomu imene mpendero wake unali utasomoka mbali imodzi.

"Ujambula, mwana wanga. Yamba wavula siketiyo, uvale chitenje ichi, atelalawa akukonzere. Sungapite pa foni uli choncho."

Ndinaisoka siketiyo pomwepo, mtsikanayo atakhala pa benchi pambali pa amayi, akudya mtedza wotsalira m'thumba ndi kuwasimbira za mayeso ake. Basi yake itafika anathamanga kukakwera, ndipo chithunzi chija anaiwala kujambula.